Lipoti la ulendo wathu wa ku Stonehenge

A pampando adandipempha kuti ndilembere amene simudathe kupita nafe ku Stonehenge, malo a miyala ikuluikulu yakalekale yoimikidwa mozungulira, m'dera la Wiltshire kuno ku England. Za panjira ndisatayepo nthawi, kupatula kuti pa msewu wa A303 magalimoto amachita kukwawa, chifukwa aliyense wapotoza khosi kuyang'ana miyala.

Galimoto mumaisiya pa malo olandirira alendo amene adatsegulidwa mu 2013, mtunda wa makilomita pafupifupi 2.5 kuchokera pamiyalapo. Kuchoka apo mumakwera basi ya a English Heritage, omwe amasamala malowa, kapena kuyenda wapansi. Achinyamata adayenda. Ife a mawondo tidakwera.

Titangofika ena nkhope zidagwa. Amayembekeza chinthu chotalika kwambiri, komanso pali chingwe choletsa kufika pafupi. Amene adatsitsimutsa gulu ndi bambo wina wa ukalipentala. Adatilozera pamwamba pa mwala wautali kuposa yonse, umene mnzake wopingasa, amene adasanjikidwa pamwamba pake, adagwa kalekale. Pamenepo pali kansonga kochita kusema, ndipo mwala wopingasawo udali ndi chibowo choti kansongako kalowemo. Bamboyo adati umu ndi mmene iye amalumikizira matabwa a chitseko. Ndiye ganizani, anthuwa adalibe chitsulo ngakhale chimodzi. Amasalaza mwala pougogoda ndi mwala unzake, ndipo ngalande yozungulira malowa, yomwe ndi ya zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, adaikumba ndi nyanga za agwape.

Miyala ikuluikuluyi amaitcha sarsen. Umodzi umalemera matani ngati 25, ndipo yambiri idachokera ku West Woods, kufupi ndi Marlborough, makilomita ngati 25. Idaimikidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo. Imeneyi ndiyo aliyense amajambula.

Koma ine mtima udapita pa ing'onoing'ono ya m'kati, imene ambiri sadaiyang'ane n'komwe. Ndi ya matani 2 mpaka 5 chabe, koma idachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, kupitirira makilomita 200. Pali winanso wotchedwa Altar Stone, wa matani ngati 6, womwe wagona pansi mopsinjidwa ndi miyala ina yakugwa moti kuuona n'kovuta. Mu 2024 akatswiri adapeza kuti udachokera kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, mtunda wa makilomita ngati 700. Kudalibe msewu nthawiyo. Miyala yapafupi idalipo yambirimbiri, koma iwo amafuna umenewo basi. Mwala wotero umadutsa m'madera a anthu ambiri, ndiye payenera kuti padali kumvana kwakukulu, apo ayi ukadathera panjira. M'basi pobwerera tidakanganapo, ena ati udadzera panyanja, ena ati amachita kuukoka pamtunda. Akatswirinso pamenepa sagwirizana.

Pa malo olandirira alendo pali mwala woyerekeza sarsen, womangidwa zingwe. Abambo athu adavula majekete n'kukoka mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, amayi akuwaombera m'manja, mwala osasuntha ngakhale pang'ono.

Amadya chiyani anthu ogwira ntchito yotere? Ku Durrington Walls, makilomita ngati 3 kuchokera pamiyalapo, adafukula malo a nyumba zawo ndi mafupa ambirimbiri a nkhumba, zambiri zophedwa m'nyengo yozizira. Miyala ya ku Stonehenge adaiyika moyang'ana kumene dzuwa limalowera pa tsiku lalifupi kwambiri m'chaka, mu Disembala, ndi kumene limatulukira pa tsiku lalitali kwambiri, mu Juni. Ine ndidangoona dima lalikulu, ntchito yolemera anthu akudya limodzi.

Nthawi idatichepera moti nyumba yosungiramo zofukulidwa tidangoidutsa mothamanga. A msungichuma akuti ulendo wina matikiti tizigulira limodzi pa intaneti tisananyamuke, ndipo ambiri akufuna ku Avebury, malo ena a miyala yakale ngati imeneyi, komwe miyala yake ili m'mudzi momwemo, salipiritsa kuiona ndipo mutha kuigwira. Amene mukufuna kupita lembetsani kwa alembi.