Chaka choyamba ku Salima Technical College: zofunika kudziwiratu

Amene mwasankhidwa kudzaphunzira ku Senga Bay kuno, dziwani kuti teremu yoyamba ndi imene imagwetsa ambiri, ndipo chowagwetsa si kuvuta kwa maphunziro ayi. Ndi ndalama, malungo ndi kujomba.

Ndalama yochokera kunyumba muigawe tsiku lomwe yafika: ya chakudya, ya sopo, ya fotokope, ndi ya basi yobwererera kwanu. Yomalizayi ikhale pa Mpamba kapena Airtel Money, osaikhudza. Ikakhala m'thumba imathera pa kanyenya ndi mabandulo sabata ziwiri zisanathe.

Neti ya udzudzu musaiwale, kuno ndi kunyanja. Thupi likangotentha, pitani mukayezetse tsiku lomwelo, musayambe mwagula mapilitsi pagolosale. Malungo ochedwa kuchizidwa amakugonekani masiku angapo, ndipo pulakitiko (phunziro logwira ntchito ndi manja) imene yakudutsani imavuta kuibwereza, popeza mphunzitsi sangayimitse kalasi chifukwa cha munthu mmodzi. Kusambira m'malo a bango nakonso kumabweretsa likodzo.

Ku wekishopu fikani ndi ovolosi, nsapato zolimba ndi kope laling'ono m'thumba. Lembani miyezo iliyonse musanadule thabwa kapena chitsulo, yezaninso kachiwiri. Musamangoima kumbuyo anzanu akugwira zida. Dzanja limaphunzira pogwira.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumafoola masana, choncho werengani m'mamawa, kuyambira 4 koloko mpaka 6. Pezani anzanu atatu kapena anayi okambirana nawo mafunso a mayeso akale, ndipo zimene zakukanikani nonse mukafunse aphunzitsi sabata yomweyo.