Loweruka la dzina la mkondo

Lero ndinali pa ofu, nde ndimati ndigone mpaka 9 koma pofika 7 ndinamva kale mbale zikulira kukhitchini. Agogo amene ndimachita lendi kunyumba kwawo kuno ku Hamburg, ku Germany, anali atayamba kale kukanda keke ya maapozi, chifukwa masana kumabwera mdzukulu wawo ndi mkazi wake kudzawaonetsa khanda. Mwana wa masabata asanu, wamwamuna. Ndinadzuka basi nkukawathandiza kusenda maapoziwo, zala zawo zimavuta masiku ano makamaka kukazizira chonchi.

Tili pakati posenda ndi pamene anandiuza kuti mwanayo amutcha Ansgar. Anangonena dzinalo kamodzi nkuika mpeni pansi, maso atadzadza misozi. Linali dzina la malemu amuna awo, ndipo mdzukuluyo sanawauze kalikonse mpaka atakalembetsa kale ku Standesamt, ofesi imene amalembetsako ana obadwa kumene. Ine ndinangowagwira phewa, zimenezi sizinafunike kundimasulira, kwathunso timadzutsa dzina la agogo pa mwana ndipo anthu akuluakulu amamupatsa ulemu mwanayo ngati mwini dzina wabwerera.

Keke ili mu uvuni ndinaimbira amayi kumudzi pa WhatsApp. Titatha za chimanga ndi za mvula ndinawauza za khandali, nde funso lawo loyamba linali lomwe aliyense wa kwathu angafunse: "Nanga dzinalo ndiye kuti chiyani mwanawe?" Ndinatembenuka nkuwafunsa agogo aja. Anaganiza kanthawi, kenako akuti ndi dzina la woyera wa mzinda uno basi, la akatolika akale. Zaka zonse zimene anakhala ndi bambo aja m'banja, kuitana dzinalo m'mawa ndi madzulo, tanthauzo lake sanaliganizirepo. Amayi atamva zimenezo anangoti "aaa, dzina lopanda mawu?" Ndipo zinandikhudza, chifukwa ife mwana akatuluka m'chikuta dzina limene apatsidwe limakhala nkhani yonse ya banja, Mavuto, Limbikani, Tadala, Pilirani, ukangolimva wadziwa kale zimene makolo anadutsamo. Sindinafune kuti mwana uyu afike masana ndisanadziwe chimene wanyamula.

Ndinakhala pa foni mwina ola lathunthu, tiyi mpaka anazizira. Dzinali lili ndi mawu ndithu, kungoti ndi mawu a chilankhulo chakale kwambiri chimene ngakhale eni ake sachimvanso. Mayina akale a mitundu ya chijeremani amawalumikiza pawiri, ngati mmene ife tinganenere Chifuniro-cha-uje. Ans ndi mulungu, koma osati Mulungu wa m'Baibulo, ndi milungu yawo yamakolo, gulu la Odin ndi Thor lija. Gar kapena ger ndi mkondo. Nde Ansgar ndi mkondo wa milungu, ena amati mkondo wa mulungu. Ku Denmark dzina lomweli amati Asger, ku Iceland Ásgeir, Angerezi akale ankati Osgar. Chimene chinandidabwitsa kwambiri nchakuti mkondo womwewu tili nawo kwathu mbwee osadziwa, uli mu Gerald, mu Gerard, mu Edgar, mu Roger. Malume anga enieni dzina lawo ndi limodzi mwa amenewa, munthu wofatsa woti sanagwirepo mkondo chibadwire. Ans uja alinso mu Anselm, kumene helm ndi chisoti chachitsulo cha kunkhondo, ndiponso ndi Os amene ali mu Oswald.

Alendo amafika 3 koloko, nde ndinaona kuti nthawi ilipo, ndinavala jekete nkukwera sitima ya U3 kukatsika pa Rödingsmarkt. Agogo anandiuza kuti pa mlatho wa Trostbrücke pali chiboliboli cha woyerayo, ndipo ndadutsapo kangapo popita ku tauni koma sindinakwezepo maso. Kunali kamvula kowaza kaja ka kuno kosatha, madzi a mu ngalande ali bii. Wayima mbali imodzi ya mlatho, chisoti cha ubishopu kumutu, ndodo m'dzanja, atanyamula katchalitchi kakang'ono, ndipo mbali inayo moyang'anana naye kuli Adolf III, wolamulira wakale wa dera lino. Anthu amangodutsa ndi maambulera awo. Ine ndinaima pamenepo mpaka zala kuuma.

Mbiri ya munthu ameneyu ndi imene yandigwira mtima tsiku lonse. Anabadwa mu 801 kufupi ndi Amiens, komwe pano ndi ku France, mayi ake anamwalira ali wamng'ono nde anakulira kwa amonke ku Corbie, kenako anamutumiza kukaphunzitsa ku Corvey, komwe pano ndi ku Germany. Mu 826 mfumu ina ya ku Denmark, Harald Klak, inabatizidwa ku Mainz, ndipo pofunika munthu woti apite nayo kwawo Ansgar ndi amene anavomera. Cha mu 829 anapita ndi anzake ku Birka ku Sweden, panjira achifwamba a panyanja anawalanda katundu kuphatikizapo mabuku pafupifupi 40, ndipo taganizani nthawi imeneyo buku lililonse linali lolemba pamanja, koma iwo anapitiriza ulendo wapansi mpaka anakafika. Mu 831 anakhala bishopu wa Hamburg. Mu 845 ma Viking, ankhondo a panyanja ochokera kumpoto, anabwera ndi zombo nkutentha mzinda, tchalitchi ndi mabuku omwe, iye anathawa ndi zochepa chabe. Anakakhala ku Bremen, nkubwereranso kumpoto komwe kuja, matchalitchi anamangidwa ku Hedeby ndi ku Ribe, m'dziko la Denmark la nthawi imeneyo. Ankagulanso anyamata amene anali akapolo nkumawaphunzitsa. Rimbert, amene anamulowa m'malo nkulemba mbiri yake, ananena kuti moyo wake wonse Ansgar ankayembekezera kufera chikhulupiriro, koma anamwalira ndi matenda ku Bremen pa 3 February 865, ndipo zambiri zimene anadzala ku Sweden zinafota iye atapita. Mpaka lero amamutcha mtumwi wa kumpoto.

Ndili pa mlatho paja ndi pamene chinthu china chinandifikira. Munthuyu anapita kukalalikira Khristu kwa anthu opembedza Odin ndi Thor, pomwe dzina lake lomwe linali ndi milungu yomweyo mkati. Sanalisinthe. Analowa nalo mu umonke, mu ubishopu, mpaka lero lili pa matchalitchi, ngati Kleiner Michel ya kuno ku Hamburg yomwe dzina lake lenileni ndi St. Ansgar und St. Bernhard. Ndinakumbuka Chauta wathu. Makolo ankaitana Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza kukachisi popempha mvula azungu asanafike, ndipo mu dzina la Chauta anthu ambiri amamvamo uta, uta wa Leza uja umaoneka mvula ikakata. Lero tikatsegula Buku Loyera timawerenga Chauta yemweyo, timamuimbira m'kwaya, palibe amene amati ndi dzina lachikunja. Iwo mkondo, ife uta. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi chimwemwe chimene sindingathe kuchilongosola bwinobwino.

Alendo anafika mochedwa pang'ono chifukwa cha malo oimika galimoto. Mwanayo abale, kakang'ono, tsitsi lochepa ngati la chimanga chanthete, atamuveka kachipewa koluka kobiriwira. Agogo anamulandira ndi manja awiri akunjenjemera, nkumamuitana dzinalo pansipansi mobwereza. Ine anandipatsa nditasamba m'manja, anandigwira chala changa chamkombaphala nkuchifinya osachisiya, ndipo ndinamuuza m'Chichewa kuti takulandirani bambo, mwayenda bwanji.

Pa khofi nkhani inali ya dzina lomweli. Mayi a mwana anati anzawo ena anawafunsa kuti bwanji mwamupatsa dzina la madala, ena akalimva koyamba amayesa ndi Oskar. Ndi zoona kuti ndi losowa. Bungwe loona za chilankhulo cha Chijeremani la Gesellschaft für deutsche Sprache ku Wiesbaden limatulutsa mayina otchuka chaka chilichonse, ndipo zaka zapitazi pamwamba pamakhala Noah, Matteo, Leon, Paul, Emil, pamene Ansgar sayandikirako nkomwe. Ineyo kuntchito ndimasamalira okalamba ambiri, a Hans, a Günter, a Jürgen ndakumana nawo osawerengeka, koma dzina ili ndinali ndisanalione pa chitseko cha chipinda chilichonse. Agogo akuti kwawo kwa malemu ku Emsland, kumene akatolika ndi ambiri, silinali lachilendo. Bambo a mwana, omwe ndi okonda mpira, anati masiku ano achinyamata amalidziwa chifukwa cha Ansgar Knauff, mnyamata wobadwa mu 2002 ku Göttingen amene anagoletsa Barcelona chigoli mu 2022, chaka chimene Eintracht Frankfurt inatenga Europa League. Akuti chifukwa chachikulu chosankhira dzinali chinali agogo awo, koma chinanso safuna kuti mwana akayamba sukulu aphunzitsi akaitana dzina limodzi atembenuke ana anayi.

Kenako ndinawauza zimene ndinapeza, Chijeremani changa chikukhumudwa apa ndi apo koma anandimva. Bambo a mwana amadziwako za mkondo, mayi ake ayi, agogo ndiye anangoti kakasi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako akuti malemuwo anali munthu wa mawu ochepa, koma akanena chinthu chimalunjika pomwepo osakhota. Anadzuka pang'onopang'ono nkupita kuchipinda, nkubwera ndi chithunzi chakale cha ukwati wawo chopanda mtundu, nkuchiimika patebulo pafupi ndi mbale ya keke moyang'ana kumene kunali mwana. Ndinawapempha makolowo kuti akadzakula adzamuuze tanthauzo lake, asadzangomva kuti ndi dzina la pa mlatho. Mayi ake anatenga foni nkulemba mawu awiri aja, ans ndi gar, nkundifunsanso kalembedwe ka Chauta.

Anapita cha m'ma 6 mwana atayamba kulira njala. Tinatsuka mbale ndi agogo osayankhula zambiri, keke yotsala anandikulungira kuti nditenge kuntchito mawa, ndili pa shifiti ya m'mawa nde 5 koloko ndikhale nditadzuka.

Ndisanagone ndinawatumizira amayi voice note kuwafotokozera zonse, za milungu yakale, za mkondo, za malume. Ayankha pompano. Ayesa kulitchula katatu, Anisigara, Ansigala, kenako analeka nkunena kuti kumudzi azimutcha Mkondo basi, ndipo akuti ndikadzamuonanso ndidzamupatse moni wa agogo ake a ku Dedza.