Masiku asanu m'chipinda chimodzi ku Ginnery Corner

Tinatha miyezi itatu tikungozungulira pamodzimodzi. Tinkafuna kukonza njira yoti magulu a banki m'khonde azilemba ndalama zawo pafoni m'malo mwa kope, koma msonkhano uliwonse unkathera pa zimene abwana anena. Ndiye ndinawapempha kuti atipatse sabata imodzi tiyese design sprint, njira yopangira ndi kuyesa ganizo latsopano mwachangu, imene Jake Knapp anayambitsa ku Google mu 2010 n'kudzaifotokoza ndi anzake m'buku la Sprint mu 2016. Malamulo ake ndi ochepa: anthu asapitirire 7, masiku akhale 5, foni ndi laputopu zikhale m'chikwama, ndipo pakhale munthu mmodzi wogamula. Wogamulayo anali abwana omwewo.

Lolemba tinajambula pakhoma ulendo wa ndalama, kuchokera m'manja mwa mayi wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande mpaka tsiku logawana masheya. Pa ulendo wonsewo tinasankha malo amodzi okha: pamene mlembi akulemba zimene membala wasonkha.

Lachiwiri ndilo linandikhudza kwambiri. Aliyense anapinda pepala katatu kuti pakhale timabokosi 8, n'kujambula maganizo 8 pa mphindi 8, payekha, kuli zii. Ife tinakula ndi mwambo woti wamkulu ayambe kulankhula, enafe tizingoti "zoona, bwana". Ulemuwo ndimaukonda, koma ndaona ukukwirira nzeru zambiri m'maofesi mwathu. Apa panalibe womuyang'ana nkhope. Kenako aliyense anasankha ganizo limodzi n'kulijambula bwinobwino, osalembapo dzina.

Lachitatu tinamata zojambulazo pakhoma, aliyense n'kumaika timadontho pa chimene chamugwira mtima. Ambirife tinajambula app yokongola. Koma timadontho tinaunjikana pa kapepala kena kopanda kaso, kongosonyeza manambala osankha, ngati mmene zimakhalira ukaimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba. Abwana anaima pamenepo kanthawi, dzanja lili pachibwano, n'kumatapo dontho lawo lalikulu. Ndi pambuyo pake pamene tinadziwa kuti kapepalako kanali ka mtsikana amene ankaphunzira ntchito kwathuko, yemwe miyezi yonseyo sanatsegule pakamwa. Mayi ake ndi msungichuma wa gulu lina ku Bangwe, ndipo foni yawo ndi ya mabatani.

Lachinayi tinapanga chongoyerekeza, chooneka ngati chenicheni koma mkati mulibe kanthu. Magetsi atathima masana, tinamaliza ndi timapepala todula kukula kwa sikirini.

Lachisanu tinaitana amayi 5 kuti ayese chongoyerekezacho, kulowa mmodzimmodzi. Chiwerengerochi n'chokwanira: Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito mapulogalamu a kompyuta, analemba mu 2000 kuti anthu 5 amaulula pafupifupi 85 peresenti ya zovuta zimene ogwiritsa ntchito chinthu angakumane nazo. Ntchito yanga inali kufunsa basi, osathandiza, ngakhale mtima ukuwawa poona munthu akusochera. Mayi wachitatu anapukuta zala pachitenje, n'kudina manambala onse osaphonya. Atamaliza anandiyang'ana.

"Achimwene, nanga anzanga aona bwanji kuti ndalembadi? Kope lija timaliika pakati pa mphasa, aliyense amaona."

Palibe mmodzi wa ife amene anaganizapo zimenezo. Amayi enanso awiri anafunsa chimodzimodzi. Lolemba lotsatira tinayamba ndi uthenga wa SMS wopita kwa membala aliyense, nthawi iliyonse mlembi akalemba ndalama.