Sukulu ya Dothi ya ku Gando

Teremu ino aphunzitsi athu a zojambula mapulani anati aliyense asankhe nyumba imodzi yomangidwa m'zaka zathu zino, aiphunzire bwinobwino, kenako adzafotokozere kalasi pamene pagona luso lake. Anzanga ambiri anathamangira nsanjika za magalasi za ku Dubai ndi ku London. Inenso mtima unali komweko, mpaka nditaona chithunzi cha kasukulu ka makalasi atatu, kofiira ngati katondo wa kwathu, malata ake ali lenjekeke m'mwamba osakhudza khoma. Chithunzicho chinandigwira. Ndinafuna kudziwa chimene mmisiri wake anasiyira mpata umenewo.

Sukuluyo ili m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso, ndipo inatha kumangidwa mu 2001. Anaijambula ndi Diébédo Francis Kéré, mwana wa mfumu ya mudziwo, wobadwa mu 1965. Ku Gando kunalibe sukulu, choncho ali ndi zaka 7 anachoka kwa makolo ake kukaphunzira kutauni, m'kalasi yodzaza, yamdima ndi yotentha. Mu 1985 anapeza mwayi wopita ku Germany kukaphunzira ukalipentala, kenako analowa maphunziro a zomangamanga pa yunivesite ya Technische Universität Berlin. Ndalama za sukulu ya kwawoyi anasonkhetsa akadali wophunzira, ngati ineyo pano. Mu 2004 sukuluyo inalandira mphoto ya Aga Khan, ndipo mu 2022 iyeyo anakhala munthu woyamba wa ku Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu kwambiri kwa ojambula nyumba.

Koma mphotozo sindizo zinandikoka. Chinandikoka ndi kalasi yotentha ija, chifukwa ndimaidziwa. Aliyense amene anaphunzira pansi pa malata opanda siling'i m'mwezi wa Okutobala akudziwa zimene ndikunena. Ikamakwana 11 koloko malata ayamba kulira thethethe, thukuta likudonthera pa kope, tulo tikugwira kalasi yonse, aphunzitsi akudzipepesa ndi buku. Mvula ikabwera nayonso, phokoso lake lomwelo phunziro lathera pomwepo. Tinkangoti ndi mmene sukulu imakhalira. Kéré anakana zimenezo, n'kufunsa kuti kodi kutenthako kumalowera pati, ndipo kungatulukire pati.

Yankho lake ndinalimvetsa nditalijambula ndekha katatu. Makoma ndi a njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsindira pa makina, zosawotcha. Njerwa zotere zimachedwa kutentha, ndiye masana m'kati mumakhalabe mozizirira. Pamwamba pa kalasi pali siling'i, nayonso ya njerwa, yokhala ndi timipata. Malata ali pamwamba pa zonsezi, atakwezedwa pa zitsulo zopyapyala zowotcherera, ndipo atulukira kunja kwambiri kuti mvula isamenye khoma la dothi. Mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera, n'kudutsa m'timipata ta siling'i, mphepo yodutsa pansi pa malata n'kuukokolola. Wozizira umalowa pa mawindo kudzatenga malo ake. Palibe fani, palibe magetsi. Nyumbayo ikupuma yokha, ngati mmene imachitira nyumba ya udzu ya agogo anga, imene sinatenthepo ngakhale chilimwe chitafika povuta.

Loweruka ndinayesa ndi manja anga. Ndinatenga makatoni awiri ofanana ndi zidutswa ziwiri za lata. Pa katoni yoyamba lata ndinangolivindikira, pa yachiwiri ndinaboola timabowo pamwamba n'kulikweza latalo pa timitengo tinayi. Ndinazisiya padzuwa pa bwalo, n'kubwerera nthawi ya nkhomaliro. Nditapisa dzanja m'katoni yoyamba munali ngati mu uvuni wa buledi. Mu yachiwiri munali mofunda chabe. Zimene ndinawerenga m'buku la sayansi ku sekondale ndinazimva pa khungu tsiku limenelo.

Amalume, omwe akhala akumanga nyumba za anthu kuyambira ine ndisanabadwe, anaima n'kumaonerera. "Mphwanga," anatero, "mphepo ya mkuntho ikalowa pansi pa malata akowo, suwapeza m'munda mwa eni ake?" Ndinati, "Amalume, n'chifukwa chake zitsulozo amazimangirira zolimba ku mtanda wa konkire pamwamba pa khoma." Anangogwedeza mutu, osavomera osakana. Funso lawo ndi lolemera, poti chaka chilichonse timamva za masukulu osasuka madenga. Ndalilemba pamwamba pa kope langa, ndipo pulani yanga sindidzaipereka ndisanawerengere mphamvu ya mphepo pa denga lotere.

Chinanso chimene sindinkachiyembekezera ndi chakuti anthu a ku Gando poyamba sanalifune dothilo. Kwa iwo dothi linali chizindikiro cha umphawi, ndipo mwana wawo wochokera ku Ulaya amayenera kubwera ndi simenti. Mawu amenewa kwathu kuno ndi odziwika: wa nyumba ya zidina timamuona ngati sanafikepo. Kéré sanalimbane nawo ndi pakamwa. Ankamanga kachitsanzo, n'kukwera pamwamba pake ndi anzake anthu akuona kuti sikakugwa. Mudzi wonse unagwira nawo ntchito, ana kututa miyala ya maziko, amayi kutunga madzi. Pansi pa nyumba zake zina za ku Gando amayi ankatsindira dothi ndi kulisalaza ndi miyala mpaka kuwala, ndipo nditaona zimenezi ndinakumbukira amayi anga akuzira khonde, atagwada, mwala wosalala uli m'manja. Sindinkadziwa kuti luso limenelo lingalowe m'buku la zomangamanga. Pa laibulale ya pa sukulu yomweyo anadula mbiya zoumba amayi a m'mudzimo n'kuziika mu siling'i, kuti kuwala kuzigwera pansi m'timabwalo tozungulira, kutentha kukutulukira momwemo.

Ntchito zina za Kéré ndangozidutsa mofulumira: sukulu ya Lycée Schorge ku Koudougou yotchingidwa ndi mitengo ya bulugamu, chisakasa cha buluu cha pa nyumba yoonetsera zaluso ya Serpentine ku London mu 2017 chimene anatengera mtengo wa pabwalo la kwawo, ndi sukulu ya Benga Riverside ku Tete, pafupi pomwepa. Kuno kwathu, nyumba zodikirira amayi oyembekezera za pa chipatala cha Kasungu, zimene anajambula a MASS Design Group, nazonso ndi za njerwa zotsindira zosawotcha ndi madenga otulukira kunja. Ndikaganiza za mitengo imene imathera mu uvuni umodzi wa njerwa, ndimafuna kukaziona ndekha nyumba zimenezo, ndikagwire khoma lake.

Lachinayi ndi tsiku langa loima kutsogolo kwa kalasi. Ndinyamula makatoni awiri aja, ndipo ndapempha aphunzitsi kuti tikayambire panja, dzuwa lili paliwombo, aliyense apise dzanja lake ndisanayankhule kanthu.