Kuti umupeze wakutsogolo, uponde buleki

Lachiwiri lapitali cha m'ma 4 koloko madzulo, nditagwada pakhonde la amayi kuno ku Dedza, manja ali mbuu ndi choko, chinthu chimene chandizunguza mutu semesita yonse pa kayendedwe ka zombo za m'mlengalenga chinangomasuka chokha. Ndinaseka mokweza mpaka mng'ono wanga anasiya kusankha mbatatesi n'kubwera kudzaona ngati ndili bwinobwino.

Za malamulo a Kepler ndi Newton a kayendedwe ka zinthu sindibwereza, tonse a m'kalasi mwathu tinaziloweza. Zoti chombo chikakhala mu orbit, njira yake yozungulira dziko, chimakhala chikugwa koma chikuliphonya dziko, imeneyonso tinaimva kalekale. Ine chimene chimandikanika chinali funso limodzi lokha, lomwe linabweranso pamayeso ndipo ndinalilakwa: zombo ziwiri zili mu orbit imodzi, china chili kutsogolo, iwe uli m'mbuyo, utani kuti uchipeze? Ndinalemba zimene aliyense amene anakwerapo minibasi pa M1 angalembe. Ponda moto. Yankho lolondola ndi loti uponde buleki. Ndinalilandira, ndinaliloweza, koma mumtima ndinkaona ngati akutipusitsa.

Chinanditonthoza n'choti si ine ndekha ndinagwa nalo funsoli. Mu June 1965, James McDivitt, amene ankayendetsa chombo cha ku America chotchedwa Gemini 4, anayesa kuyandikira chigawo cha roketi ya Titan imene inawakweza. Ankachiona ndi maso pawindo. Analozetsa chombo komweko n'kuwotcha mafuta, koma chigawocho chinkangotalikira. Anayesa kangapo, mafuta ambiri anapita, mpaka anangozisiya. Munthu woyendetsa ndege zankhondo, wophunzitsidwa ndi NASA, anachita zimene ine ndinalemba papepala. Panali zovuta zinanso paulendowo, koma nkhani yaikulu inali yomweyi.

Ndiye chinachitika n'chiyani pakhonde paja? Ndinakhoma misomali iwiri pansi, n'kukoloweka chingwe chomanga mfundo, n'kumajambula ellipse, bwalo lotalikirako ngati dzira, ndi choko monga tinkachitira ku sekondale. Msomali umodzi ndi pakati pa dziko, umenewo susuntha. Ndinayamba ndi misomali iwiri ili pamodzi, kukhala bwalo lozungulira bwinobwino. Kenako ndinaika kamwala pamzerepo, ndikuti apa ndi pamene ndayatsa injini. Lamulo langa linali limodzi: mzere uliwonse watsopano udutse pakamwala pomwepo, chifukwa injini ikazima chombo chimakhala chikadali pamalo omwewo, changosintha liwiro basi. Kuti zimenezi zitheke, msomali wachiwiri ukausuntha chikhatho chimodzi kuutalikitsa ndi kamwala, chingwe uchitalikitse zikhatho ziwiri. Ndinajambula kanayi, mzere uliwonse wokulirapo kuposa unzake.

Nditaimirira kuti ndiwongole msana, ndinaona mizere inayi yonse itakumana pakamwala, koma tsidya linalo itatambasuka ngati nthiti za dengu. Pamenepo mpamene zinandilowa. Mafuta ukawotcha pano, pano sipasintha. Chimasintha ndi tsidya linalo la dziko. Ukawonjezera liwiro, mbali yakutsidya imakwera. Ukachepetsa, mbali yakutsidya imatsika. Nthawi yonseyi ine ndimayang'ana pakamwala, pamene injini yayaka, ndipo pamenepo n'zoonadi kuti ukaponda moto umathamanga kwambiri. Koma liwirolo sulisunga. Limakutengera kumtunda, njira imatalika, ukamakwera liwiro limatha, ndipo ukamadzabwereranso pakamwala mnzako uja wadutsa kale, wakusiyanso kwambiri kuposa poyamba. Lamulo lachitatu la Kepler limanena zomwezi, kuti nthawi yozungulira imadalira kukula kwa orbit basi, koma ine ndinkaliwerenga ngati chinthu chongowerengetsera zaka za Jupiter.

Mng'ono wanga uja amapalasa kabaza nthawi zina, ndiye nditamufotokozera anati, "Achimwene, zimenezo n'zachilendo ngati? Ukapalasa mwamphamvu m'munsi mwa chitunda umakafika pamwamba, koma ukafikako njinga imakhala ikungokwawa." Ndinamuyang'ana kwa kanthawi. Mwana wa Folomu 2. Fanizo lakelo silikwana pena, chifukwa njinga ili ndi msewu pansi ndipo ikatha mphamvu imaima, pamene chombo chimangopitirira kugwa, koma pankhani yosinthanitsa liwiro ndi msinkhu anamenya pakati penipeni. Aliyense amene anatsikapo Khwekhwerere kulowera ku Golomoti amadziwa kuti liwiro limabwera lokha ukamatsika, osapalasa n'komwe.

Usiku womwewo ndinakhala ndi calculator kuti ndione ngati manambala akuvomereza. ISS, siteshoni ya m'mlengalenga imene mumakhala anthu, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, imathamanga makilomita 7.7 pa sekondi, ndipo imazungulira dziko m'mphindi 92 kapena 93. Tiyerekeze uli m'njira yomweyo, waponda buleki pang'ono chabe, wachotsa mita imodzi pa sekondi, liwiro la munthu woyenda wapansi wosafulumira. Tsidya linalo limatsika makilomita atatu ndi theka. Ukamaliza kuzungulira kamodzi umapezeka uli makilomita pafupifupi 17 kutsogolo kwa pamene ukanakhala ukanapanda kuchita kalikonse. Ndinabwereza katatu poganiza kuti ndasokoneza madesimo. Ndipo ukakhala mu orbit yozungulira bwino imene ili makilomita 10 pansi pa ya mnzako, ulendo uliwonse umamudyera makilomita opitirira 90, kuposa mtunda wochoka pa boma pano kukafika ku Lilongwe. Ndi mmene Wally Schirra ndi Tom Stafford anachitira pa 15 December 1965. Chombo chawo, Gemini 6A, chinayambira m'munsi ndiponso m'mbuyo mwa Gemini 7, n'kumakwera pang'onopang'ono chikuyandikira, mpaka zombo ziwirizo zinatalikirana masentimita 30 okha. Miyezi isanu ndi umodzi chabe kuchokera pa zija za McDivitt.

Mukangoigwira imeneyi, Hohmann transfer, njira yosamukira kuchoka mu orbit ina kupita mu ina, imasiya kukhala chinthu choloweza. Walter Hohmann anailemba mu 1925, roketi isanafikeko n'komwe m'mlengalenga, ndipo ndi kamwala kaja kawiri basi. Uyatse pano kuti ukweze tsidya linalo, udikire ukafike tsidyalo, uyatsenso kuti ukweze mbali imene wachokera. Kuchoka pa makilomita 300 pamwamba pa dziko kupita pa 35,786, pamene pamakhala masetilaiti a TV aja ochititsa kuti madishi a m'tauni muno azingoyang'ana mbali imodzi chaka ndi chaka, umayamba uli pa makilomita 7.7 pa sekondi. Uwonjezere 2.4, ufike pa 10.1. Maola asanu ndi mphindi zingapo ukukwera, ukafike kumtunda utatsala ndi 1.6 yokha. Uwonjezerenso pafupifupi 1.5, ukhazikike pa 3.1. Waponda moto kawiri konse, sunagwireko buleki ngakhale kamodzi, koma wamaliza ukuyenda liwiro losafika theka la loyamba lija. Mwezi watha chiganizo chimenechi chikanandipweteketsa mutu. Pano ndikuchiona ngati nkhani ya kabaza.

Ndinene mosabisa, ine pano ndine wa chingwe ndi misomali. Amene sanajambulepo orbit ndi manja ake sanaimve, angoloweza, olo atakhoza mayeso. Anzanga pagulu lathu la WhatsApp akuti pali mapulogalamu a pakompyuta oonetsa zonsezi zikuyenda, ena akuti anazimvetsa posewera gemu. Zikomo, koma pulogalamu imakujambulira yokha, iwe umangoonerera. Chingwe chimakukakamiza kuti usankhe chimene chisasunthe, ndipo funso lonse lagona pamenepo. Ndikadzayamba kuphunzitsa, mwana aliyense adzabwera ndi misomali yake iwiri, fomula idzabwera sabata yachitatu. Mnzanga wina anandiyankha kuti chingwe sichionetsa nthawi, sichikuuza kuti chombo chili pati pakatha mphindi 20. N'zoona, koma sindinamuyankhe, ndinali ndisanathe kusangalala.

Amayi okha ndi amene sanasangalale. Khondelo anali atangolizira Loweruka. Atatuluka n'kuona maenje a misomali ndi mizere ya choko anati, "Iwe, sukulu yako yonseyi akuphunzitsa kukumba khonde la anthu?" Ndinati, "Pepani amayi, ndizira ndekha mawa." Anangoti, "Uzira iwe? Tione." Ndinaziradi, ngakhale anabwerezanso okha ine nditachoka.

Chimene chikundiwawa n'choti zonsezi zikanatheka mu February. Mutu umenewu aphunzitsi athu anaumaliza m'maphunziro awiri. Anafika, analemba vis-viva, fomula yowerengera liwiro la chombo mu orbit, pabolodi, anaika manambala, anapeza yankho, anafufuta. Wina atafunsa chifukwa chimene chombo chimachedwera chikawonjezera liwiro, anayankha kuti zili mu fomulamo, tikaione bwino. Zilimodi, sindikukana. Koma kunena choncho kuli ngati kumuuza munthu wanjala kuti nsima ili m'chimangamo. Sindikuti sadziwa, amadziwa kwambiri, mwina anazimvetsa kalekale moti anaiwala pamene munthu amapunthwa. Komanso kalasi ya anthu ochuluka chonchija, silabasi ikuthamangitsa, mwina nanenso ndikanachita zomwezo. Komabe mphindi khumi zokha ndi chingwe zikanatipulumutsa ambiri. Ndiye tchuthi chino ndimati ndibwereze zonse zimene ndinalakwa, koma m'mawa ndi kudimba, masana kunyamula matumba, madzulo kuzizira kwa kuno kumakulowetsa m'bulangete 7 koloko isanakwane, magetsi akathima foni yatha moto, bandulo nayo siichedwa. Masabata atatu apita pa funso limodzi. Mitu ina inayi ikundidikira.

Kusintha kupendekeka kwa orbit ndangokuona mothamanga. Ndamva kuti n'kodula zedi: pa liwiro la ISS, kukhota madigiri 60 kumafuna delta-v, kutanthauza kusintha kwa liwiro, yofanana ndi liwiro lonse limene uli nalo, ndiye n'chifukwa chake amakonda kukhotera kumtunda kumene chombo chikuyenda pang'onopang'ono. Masamu ake ndi a makona atatu wamba, sanandivute. Chingwe changa apa sichithandiza, poti khonde ndi lafulati.

Pamene ndaima ndi pa Oberth effect. Akuti mafuta omwewo amapindula kwambiri ukawawotchera pa perigee, malo a orbit apafupi kwambiri ndi dziko, pamene chombo chikuthamanga kwambiri, kusiyana ndi kumtunda. Papepala ndikuziona, liwiro limadzichulukitsa lokha mu fomula ya kinetic energy, mphamvu ya chinthu choyenda, ndiye kuwonjezera pang'ono pa nambala yaikulu kumabala zambiri. Koma mafuta ndi omwewo, injini ndi yomweyo, nanga mphamvu yowonjezerayo ikuchokera kuti? Ndawerenga kuti yankho lili mu utsi wotuluka kumbuyo, kuti umatsala ndi mphamvu yochepa ukatayidwa chombo chikuthamanga. Ndikutha kubwereza chiganizo chimenechi, monga momwe ndinkabwerezera za buleki zija mu February, ndipo n'zimene zikundiopsa. Dzulo madzulo ISS inadutsa, kadontho kowala kosaphethira, kuchokera mbali ya Mozambique n'kukazimirira kuseri kwa phiri la Dedza patatha mphindi zinayi kapena zisanu. Mng'ono wanga anandifunsa kuti ikafuna kutsika imalozetsa injini kuti, ndinamuyankha osaganiza n'komwe. Kenako anafunsa ngati ingangolozetsa mphuno pansi n'kuwotcha, kulunjika dziko. Ndinayamba kuyankha, ndinaima, ndinati ndimuuza mawa. Ndikuganiza kuti ellipse imapendamira mbali ina m'malo motsika yonse, koma kamwala ndikaika pati, kaya. Misomali ndaibisa pawindo, amayi akapita kumsika Lachisanu ndiyesanso kuseri kwa khitchini.