Ndamaliza mankhwala a TB, zikomo inu nonse amene munandigwira dzanja

Abale ndi alongo, ndabwera ndi nkhani yabwino. Ndamaliza miyezi 6 ya mankhwala a chifuwa chachikulu, TB. Makhololo omaliza achipatala awayeza, sanapezemo tizilombo, ndipo pakhadi langa alembapo kuti ndachira. Ambuye alemekezeke. Koma Ambuyeyo anagwiritsa ntchito manja a anthu, ndipo anthuwo ndikufuna ndiwathokoze poyera. Maina sinditchula, eni ake adzizindikira okha.

Kwa amene simundidziwa bwino, ine ndine wa kabaza wa njinga yamoto kuno ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre. Njingayo ndi ya bwana, ndipo madzulo alionse ndimayenera kupereka tageti. Zotsala ndiye za mafuta, za ufa, za makala ndi za lendi. Tsiku limene sunakwere njinga, kunyumba poto sakhala pamoto. Ndanena izi kuti mumvetse chifukwa chake amuna a ntchito ngati yanga timafika kuchipatala mochedwa. Kupweteka timakumva ndithu, koma mzere wa kuchipatala umadya m'mawa wonse, pamene m'mawamo ndi mmene mumapezeka makasitomala, opita kuntchito ndi ana a sukulu.

Chifuwa chinayamba nthawi ya chiperoni. Pa siteji palibe anadabwa, chifukwa tonse timatsokomola ndi fumbi, mphepo ya m'mamawa ndi utsi wa magalimoto. Ndinkagula timapiritsi pa hokala, chifuwa n'kukhala ngati chaleka, kenako n'kubweranso. Patsogolo pake kunayamba thukuta la usiku, lonyowetsa chofunda ngakhale kunja kukuzizira. Nsima inasiya kulowa. Lamba wa thalauza ndinamuboola bowo latsopano ndi msomali, posakhalitsa ndinaboolanso lina. Apa anthu anayamba kunong'onezana. Ena amati ndi kanyera, ena amati andilodza polimbirana makasitomala, ena amangoti "ameneyu watenga kachilombo."

Ndiyambe ndi inu tcheyamani wathu wa pa siteji. Inu simunanong'one nawo. M'mawa wina nditangoimika njinga munabwera n'kuzula kiyi, n'kuika m'thumba mwanu. Mawu anu ndikuwakumbukirabe: "Achimwene, lero simukwera. Ya tageti tikusonkherani ife, koma inu mukupita kuchipatala." Munandikweza kumbuyo kwa njinga yanu, ndipo simunangondisiya pageti. Munakhala nane pabenchi mpaka dzina langa litaitanidwa, pamene anzathu ankapanga ndalama mumsewu. Ndikudziwa kuti nanunso muli ndi ana odya. M'mawa umene uja munautaya chifukwa cha ine, ndipo popanda m'mawa umene uja sindikudziwa ngati bwenzi ndikulemba izi.

Kuchipatala anandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, n'kukawayeza pa makina otchedwa GeneXpert. Makina amenewa amapeza TB, amaonanso ngati tizilomboto tikukana mankhwala a rifampicin, amene ndi msana wa chithandizo chonse. Mwamwayi tanga tinali tomva mankhwala. Anandiyezanso HIV, monga amachitira ndi aliyense wopezeka ndi TB, ndipo sanandipeze nako. Ndikunena izi osati podziyeretsa. Pamzere wathu wolandira mankhwala panali anzanga a ma ARV, tinkacheza, tinkalimbikitsana, ndipo achira monga ndachirira ine. TB imayenda mumpweya wodwala akamatsokomola, ndiye aliyense wopuma angathe kuitenga. Kuyeza konse ndi mankhwala onse sindinalipire ngakhale tambala imodzi.

Kwa anamwino ndi adokotala a chigawo cha TB, zikomo chifukwa chondifotokozera zinthu ngati munthu wamkulu mnzanu. Munandiuza kuti miyezi 2 yoyamba piritsi lililonse limakhala ndi mankhwala anayi, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, ndipo miyezi 4 yotsatira amatsala awiri oyambawo. Munandikweza pasikelo kuti mudziwe mapiritsi oti ndizimwa. Munandichenjezeratu kuti mkodzo ufiira, ndisachite mantha. Mukanapanda kutero, ndikhulupirira ndikanaganiza kuti ndikukodza magazi n'kusiya mankhwala tsiku loyamba lomwelo. Mapazi atayamba dzanzi munandipatsa vitamini B6, zinthu n'kusintha. Munanenetsanso za mowa, kuti chiwindi chili kale pantchito yaikulu ndi mankhwalawa. Anzanga a pa siteji anamva zimenezi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiitanira botolo miyezi yonseyi.

Alangizi a zaumoyo a m'dera lathu, inu ndiye munafika mpaka pakhomo. Munatsegula mazenera onse, n'kutiphunzitsa kuti mpweya ndi dzuwa zizilowa m'nyumba, ndipo ine ndizitseka pakamwa potsokomola. Akazi anga anali atandipatulira mbale ndi kapu yangayanga monga anawalangizira anthu, koma inu munafotokoza kuti TB sidutsa m'mbale, ndiponso kuti munthu akamwa mankhwala bwino kwa masabata angapo, mpata wopatsira ena umachepa kwambiri. Tsiku limenelo ndinadyanso pamodzi ndi banja langa. Munatenga a m'nyumba onse kukayezedwa, ndipo kamtsikana kathu kosakwana zaka 5 kanapatsidwa mankhwala oteteza. Ndipo pamene mphamvu zinayamba kubwerera mwezi wachiwiri, mtima n'kumati ndachira, munabwera kudzandikumbutsa kuti apa ndi pamene ambiri amagwera. Kutsokomola kumatha tizilombo tisanathe. Wosiyira panjira amaitana TB yosamva mankhwala, yofuna mankhwala ena ovuta kumwa, imene kale inkatenga miyezi 18 kapena kuposerapo kuti munthu achire.

Tsopano anyamata a pa siteji. Zimene munachita ndikufuna anthu azimve bwino, chifukwa ena angathe kutengerapo. Munagula kabuku, n'kulembamo maina a tonse, ndipo madzulo alionse aliyense ankaponya kangachepe malinga ndi mmene tsiku layendera. Munapeza mnyamata wodziwa kuyendetsa koma wopanda njinga, n'kukamukambira kwa bwana wanga kuti azikwera njinga yanga, azipereka tageti, zotsala azigawana ndi banja langa. Ndalamazo zinkalowa pa Mpamba ya akazi anga popanda kuzipempha. Loweruka wina ankabwera ndi mazira, wina usipa, wina botolo la chiponde, chifukwa munamva kuti mankhwalawa amafuna chakudya. Pa siteji pathu pali a mipingo yosiyanasiyana, pali Asilamu, pali osapemphera n'komwe, koma m'kabuku muja munali maina okha ndi ndalama. Kwa bwana mwini njinga, zikomo chifukwa simunailande. Mukanatha kuipereka kwa wina sabata yomweyo ndipo palibe akanakudzudzulani. Kwa eni nyumba imene tikukhala, amene munadikira lendi osatitulutsira katundu panja, Mulungu akudalitseni mayi.

Pali mbali ina ya matendawa imene sikelo siyeza, ndipo amuna sitikonda kuikamba. Mwezi wachitatu thupi linali likuchira, koma mutu unadwala. Kuyambira ndili mnyamata ndakhala ndikudzidyetsa ndekha. Tsopano ndinali kukhala pakhonde tsiku lonse, kuona akazi anga akudzuka mdima ulipo kukaphika mandasi, kumva njinga zikudutsa mumsewu ine ndili chikhalire. Tulo tinatha. Ndinkakalipira ana pa zinthu zazing'ono. Ndinkadziona ngati katundu amene anthu akungomunyamula, ndipo maganizo ena amene ankabwera usiku anali oopsa. Tonse timamva apolisi akamalengeza kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo kawirikawiri pamatchulidwa ngongole ndi mavuto a m'banja. Kale ndinkangomva pawailesi. Miyezi imeneyo ndinamvetsa mmene munthu amafikira pamenepo.

Amene anandikoka pamenepo ndi agogo a nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Agogo, inu munagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni nthawi ya TEBA, asanasiye kutenga a Malawi mu 1988, ndipo chifuwa mumachidziwa kuposa tonsefe. Munayamba kubwera madzulo mutanyamula bawo kukhwapa. Simunandifunse kuti ndikuganiza chiyani. Munkangoyala mkeka panja, n'kuthira nkhomo m'maenje, n'kuti "tiyeni bambo." Pakati pa masewero ndi pamene munandiuza kuti nanunso munadwala TB mutabwerako, masiku amene wodwala ankagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri akubayidwa jekeseni tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala onse ankatenga miyezi 8. Munandiuza kuti munalira m'wodi, usiku, mutafunda kumutu. Munthu wa imvi, wolemekezeka m'dera lonse, kundiuza kuti analira. Madzulo amenewo ndinalankhula zonse zimene zinali mumtima, mpaka zimene ndinali ndisanawauze akazi anga. Simunandiseke, simunandilalikire. Mawa lake munandiperekeza kwa namwino kuti ndikanenenso zomwezo, ndipo namwinoyo anakhala nane pansi, n'kumandifunsa za tulo ndi za maganizo ulendo uliwonse wotenga mankhwala. Abambo a mphakati wathu nawonso anayamba kusinthana kubwera, osati kudzapemphera kokha, komanso kudzangokhala, kukamba za mpira, za Bullets ndi Wanderers, kuti ndisakhale ndekha.

Nkhani ya mwana wanga wamwamuna ndiyo imandigwetsa misozi. Ali ndi zaka 14, anali mu Sitandade 8, chaka cha mayeso. M'mawa ankavala yunifolomu bwinobwino n'kutsanzika, koma masiku ena sankafika kusukulu. Ankabisa malaya m'chikwama n'kupita kumsika wa Limbe kukanyamula katundu wa anthu, ndalamazo n'kumaziponya mwakachetechete m'chitini cha amayi ake cha mandasi. Ife m'nyumba sitinadziwe. Anazindikira ndi kochi wa timu ya anyamata ya m'dera lathu, munthu amene salandira malipiro alionse, amene mipira amagula ndi ndalama za m'thumba mwake. A kochi, munaona kuti mwana amene sankajomba wasiya kubwera pagalaundi, ndipo simunangomufufuta pamndandanda. Munafunsa anzake, munakamupeza kumsika thumba la mbatata lili pamutu, munamugulira chakudya n'kukhala naye pansi. Kwa inu ndi kumene ananena zimene ankaopa kutiuza, kuti ankaganiza kuti bambo ake amwalira, ndiye iye monga mwamuna ayambiretu kusamala amayi ake ndi alongo ake.

Mwana wa zaka 14 kusenza maganizo otere yekha, palibe anamuuza kuti atero, anangoona mmene amuna timachitira. Munabwera naye kunyumba osamukalipira. Munaitana alangizi a zaumoyo kuti amufotokozere iye mwini kuti TB imachizika, n'kumuonetsa khadi langa ndi masiku amene atsala. Kuyambira pamenepo ntchito yochonga khadi ndikamwa mankhwala anaigawana ndi amayi ake, ndipo ankaigwira mosaphonya. Aphunzitsi ake anamuthandiza kubweza zimene anaphonya, anyamata a pa siteji anamugulira makope ndi nsapato. Mayeso analemba pamodzi ndi anzake. A kochi ndi aphunzitsi, mwandisungira mwana.

Mayi a ana anga, inu ndakusungirani malo anuanu. Munandisambitsa pamene miyendo inkakana, munachapa zofunda zonyowa m'mawa uliwonse, munapirira ukali wanga wa miyezi ija. Achibale ena atakuuzani kuti mupite kwanu mungatenge matenda, munayankha kuti kwanu ndi kuno. Alamu anga amene munkatumiza ufa kuchokera kumudzi ku Thyolo, ndi apongozi amene munabwera kudzakhala ndi ana, zikomo kwambiri.

Nditachira ndinayamba kufunsa zambiri za matendawa, ndipo ndinamva kuti vutoli si la pa siteji pathu pokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB ndipo 1.25 miliyoni anamwalira. Mwa odwala 100 alionse, 55 anali amuna akuluakulu, 33 amayi, 12 ana. Ife ndife ochuluka pa odwala, koma pamabenchi a kuchipatala mumadzaza amayi. Ndiye pempho langa kwa akuluakulu a zaumoyo ndi loti galimoto zija zoyendayenda zojambula pachifuwa zizifikanso m'masiteji a kabaza, m'madepoti a minibasi ndi m'misika ya makala, pa nthawi imene anthu sakuthamangitsa makasitomala. Mwamuna amene sangataye m'mawa wonse angathe kutaya mphindi zochepa. Pa siteji pathu anzanga angapo anakayezetsa ataona za ine, ndipo mmodzi ali pa mankhwala pano. Tsopano ndi nthawi yanga yomupititsira mazira.

Lolemba ndikubwerera pa njinga, ndiyamba ndi theka la tsiku monga andilangizira achipatala. Kabuku kaja tagwirizana kuti sitikatseka. Tiziponya Lachisanu lililonse, kakhale ka aliyense amene wadwala kapena wachita ngozi. Taikanso lamulo lakuti amene watsokomola masabata awiri, kiyi wake azisunga tcheyamani mpaka atabwera ndi zotsatira za kuchipatala, ndipo tageti ya tsikulo izichokera m'kabuku. A masiteji ena amene mukufuna kuona mmene tinakonzera, bwerani mudzatipeze masana makasitomala akachepa, tidzakuonetsani.