Dzino langa lapulumuka, sanazule

Abale inu, amene mumandiona ndikutafunira nsima mbali imodzi ngati mbuzi, nkhani yatha lero. Dzino lakumbuyo lija linabooka kalekale ine nkumangomwa Panado ndi kuchukucha madzi amchere, mpaka tsaya linatupa usiku osagona, tiyi wotentha kungokhudza ndimaona nyenyezi. Ndinapita kwa adokotala a mano nditatsimikiza kuti akazule basi, mmene timachitira tonse, koma atajambula X-ray anati mizu ilibwino, chavunda ndi kamtsempha kamkati, tipange root canal.

Anandibaya jekeseni pankhama mpaka mlomo unachita dzanzi, kenako kubowola, nkumalowetsa titsulo tating'ono ngati singano kukokolola zovundazo mu timayenje titatu ta mizu. Ululu sindinamve ai, chotopetsa ndi kuyasamula nthawi yaitali, nsagwada zinalema. Ulendo wachiwiri ndi pomwe anatseka timayenjeto ndi zinazake zangati labala, akuti gutta-percha.

Ndalama yokha yandiwawa, kuzula ndi kotchipa kwambiri, ndipo akuti ndibwerenso akaveke crown, kachipewa kophimba dzinolo, chifukwa dzino lochotsedwa mtsempha limasweka msanga. Chimanga chokazinga ndi nzimbe andiletsa kaye, ndiye musandiyese nazo weekend ino.